Foni, buku ndi filimu yake: mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri kuno ku Zomba

Kagulu kathu ka owerenga mabuku kamakumana Loweruka masana, nthawi zina pakhonde ku Matawale, nthawi zina pansi pa mtengo ku Chinamwali. Muli aphunzitsi, ana asukulu a Fomu 3 ndi 4, ophunzira a ku yunivesite okhala ku Chikanda, ndi makolo angapo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera mpaka tinatopa kuyankha pakamwa. Ndawalemba ine amene ndimasunga kope la gululi, ndiye pena muona maganizo anga atalowerera.

1. Kodi akamati nthawi ya pa sikirini akutanthauza chiyani?

Ndi nthawi yonse imene maso anu ali pa galasi la foni, TV, kompyuta kapena tabuleti. Koma maola onse si ofanana. Munthu amene wakhala maola 2 akuonera filimu imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera wachita china, ndipo amene wakhala maola 2 omwewo akudumpha kuchoka pa WhatsApp kupita pa TikTok, kubwerera pa Facebook, wachitanso china. Woyambayo atha kukufotokozerani nkhani. Wachiwiriyo mukamufunsa zimene waona amangoti "zambiri".

2. Ndingadziwe bwanji maola amene ndimathera pa foni?

Musayerekeze ndi mutu, mudzinamiza. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing mu Settings, ndipo pa iPhone pali Screen Time. Pamenepo pamaoneka maola a tsiku lililonse, apu imene yadya nthawi yambiri, ndi kuchuluka kwa maulendo amene mwatsegula foni.

Ine ndinkalumbira kuti sindipitirira ola limodzi ndi theka. Tsiku limene mwana wa mchemwali wanga anandionetsa malowo, panalembedwa maola 5 ndi kanthu. Ndinayamba kudziikira kumbuyo kuti ndi ntchito, ndi magulu a kutchalitchi, ndi za maliro a kumudzi. Mwanayo anangoloza ndi chala pamene panalembedwa Facebook, osanena kanthu.

3. N'chifukwa chiyani ndikatsegula buku sindimaliza tsamba ndisanagwire foni?

Si kuti mutu wanu wawonongeka. Maapu ambiri aulere amapeza ndalama potsatsa malonda, ndiye phindu lawo lagona pa nthawi imene inu mukhale pamenepo. N'chifukwa chake tsamba la Facebook lilibe pothera, kanema wina amayamba yekha winayo akangotha, ndipo foni imalira kapena kunjenjemera pa kanthu kalikonse. Simudziwa ngati uthenga wafikawo ndi wa ndalama za pa Mpamba kapena ndi chithunzi cha maluwa chofunira gulu lonse tsiku labwino, ndiye dzanja limapita lokha kukaona.

Buku silichita zimenezo. Silikuitanani. Masamba 10 oyambirira nthawi zambiri amakhala olemera chifukwa simunawadziwe anthu a m'nkhaniyo, ndipo mukadula pakati kuti muyankhe uthenga, pobwerera mumapeza mwaiwala kuti uja amalankhula ndi ndani. Mumabwereza ndime yomweyo katatu, kenako mumati bukuli n'losakoma. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chimene chatithandiza ambiri m'gulu lathu si kulimba mtima ayi, koma mtunda. Foni ikakhala m'chipinda china, kapena m'chikwama chotseka, ulesi wonyamuka umagwira ntchito yokutetezani. Kuitembenuza chafufumimba patebulo pomwepo sikuthandiza kwenikweni, diso limakhalabe pomwepo.

4. Mwana wamng'ono aonere nthawi yaitali bwanji?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linatulutsa malangizo mu 2019. Linati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperako n'kwabwino koposa. Malangizo omwewo amalimbikitsa kumuwerengera mwana kapena kumufotokozera nthano pa nthawi imene wakhala pansi.

Amayi ena amatifunsa mokwiya pang'ono: "Ndiye ndiphike bwanji nsima mwana akulira?" Tikumva. Palibe amene akuti mwachimwa chifukwa mwamupatsa foni mphindi 15 kuti muthire ufa mumphika. Vuto limayamba foni ikasanduka mlezi wa tsiku lonse, mwana osadya popanda katuni, osagona popanda katuni. Kwa ana okulirapo, a ku pulayimale ndi ku sekondale, ife timayang'ana zinthu zitatu: kodi akugona mokwanira, kodi ntchito ya kusukulu ikutheka, kodi akumasewerabe panja ndi anzake. Zimenezi zikayamba kugwa, maola achuluka, kaya ndi angati.

5. Ndiye mukuti filimu ndi mdani wa buku?

Ayi. Onaninso yankho loyamba. Filimu yabwino imafuna kudekha kofanana ndi kwa buku, ndipo foni imaononga zonse ziwiri mofanana.

Tinaziona ndi maso tsiku lina ku Matawale. Tinasonkhana anthu 12 kuti tionere filimu ya buku limene tinali titangomaliza. Magetsi anathima tisanayambe, tinaonera pa laputopu yoikidwa pa mpando, tonse titaunjikana pa mkeka. M'mdima muja munkaoneka bwino nkhope zoyaka ndi kuwala kwa mafoni, zinayi kapena zisanu. Pofika pamene nkhani yafika pa mponda chimera, bambo wina anadzutsa mutu n'kufunsa, "Kodi ameneyu wamwalira liti?" Munthuyo anali atamwalira mphindi 20 zapitazo. Kuyambira tsiku limenelo timadutsitsa dengu pakhomo, mafoni onse amagona mmenemo mpaka filimu ithe. Wa mwana wodwala kunyumba yekha ndi amene timamulola kusunga yake, nayonso m'thumba.

6. Ndiyambe chiti, buku kapena filimu?

Ine ndimati buku. Mukayamba filimu, nkhope za ochita sewero zimakhazikika m'mutu ndipo simungazichotsenso. Wolemba akati mayiyo anali wamfupi, wa mawu okuluwika, inu muzionabe uja wamtali munamuona pa sikirini. Ntchito yokoma kwambiri powerenga ndi yomanga nokha nkhope, nyumba ndi njira za m'nkhaniyo, ndipo filimu imakulandani ntchitoyo.

M'gulu mwathu alipo mphunzitsi wina amene satsutsika pa mfundo yosiyana ndi yanga. Iye amati kwa mwana amene Chingerezi chimamuvuta, makamaka pa masewero a Shakespeare, kuyamba waonera kumamupatsa msana wa nkhani, ndiye akabwera pa buku sasochera. Pa masewero ndimavomereza, chifukwa sewero linalembedwa kuti lioneredwe, osati liwerengedwe chamumtima. Pa nthano yaitali sitinagwirizanebe.

7. N'chifukwa chiyani filimu imasiya zinthu zambiri za m'buku?

Choyamba ndi nthawi. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la zolemba zawo ndi pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, ndiye filimu ya maola 2 imachokera pa masamba ngati 120, okhala ndi mawu ochepa pa tsamba. Nthano yaitali ya masamba 300 odzaza singalowe monse mmenemo. Ena mwa ampangankhani amachotsedwa, awiri amaphatikizidwa kukhala munthu mmodzi, zaka zisanu zimapanikizidwa kukhala nyengo imodzi ya dzinja.

Chachiwiri, kamera siiona za mumtima. Buku litha kukhala masamba atatu m'mutu mwa mkazi amene akusinkhasinkha zochoka pa banja, iye ali phee akutsuka mbale. Filimu iyenera kupeza choonetsa: mwina mbale igwe, mwina alankhule ndi mnzake amene m'buku mulibe. Anthu akaona zotere amati filimu yanama. Sikunama kwenikweni, ndi kumasulira kuchoka m'chilankhulo cha mawu kupita m'chilankhulo cha zithunzi.

Chachitatu ndi ndalama. Wolemba buku akafuna gulu la anthu 5,000 pa bwalo amangolemba chiganizo chimodzi. Wopanga filimu ayenera kuwapeza, kuwaveka ndi kuwadyetsa.

8. Tipatseni chitsanzo cha kwathu kuno.

Chimene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind. Bukuli analemba William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, pamodzi ndi mtolankhani wa ku America Bryan Mealer, ndipo linatuluka mu 2009. Si nthano yopeka, ndi mbiri ya moyo wake, koma poyerekeza buku ndi filimu limagwira ntchito chimodzimodzi. Filimu yake inatuluka mu 2019, inajambulidwa konkuno ku Malawi, ndipo anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo ake a William. Mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba, ndiye anasewera ngati William. Filimuyi ndi ya mphindi 113, pamene bukuli lili ndi masamba oposa 250.

Kusiyana kwakukulu kuli pa chimene anachita makina amphepo opanga magetsi amene William anamanga ali mnyamata. M'buku, makina aakulu oyamba anayatsa babu. Anthu amene ankamunena mnyamatayo kuti wachita misala anasonkhana, mphepo inaomba, babu linayaka m'manja mwake. Madzi othirira mbewu anabwera pambuyo pake, patapita zaka, anthu akunja atamva za iye n'kumuthandiza, makamaka atalankhula pa msonkhano wa bungwe la TED ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007. Mu filimu, makinawo amapopa madzi pachitsime n'kuthirira munda pakati pa njala, ndipo nkhani imathera pomwepo.

N'chifukwa chiyani anasintha? Tinakangana masana onse. Mayi wina anati anthu akunja sangamve kukoma kwa babu limodzi chifukwa sanagonepo ndi koloboyi. Mnyamata wina wa ku yunivesite anati ayi, ndi nkhani ya kamangidwe: filimu yonse yakhazikika pa njala ya 2001 ndi 2002, ndiye mathero ake ayenera kuyankha njalayo, ndipo babu silidyedwa. Ine ndili mbali ya mnyamatayo, ngakhale mtima wanga umakondabe babu lija. Madzi amapulumutsa mudzi, koma babu limaonetsa mwana amene anangofuna kudziwa mmene zinthu zimayendera, ndipo ameneyo ndiye William wa m'buku.

Palinso zina. Mitu yoyambirira ya buku yadzaza ndi nkhani za matsenga ndi mantha a ubwana, zimene filimu inazisiya pafupifupi zonse. Dayinamo ya njinga imene William anaika pa makinawo kuti ipange magetsi, m'buku anamugulira ndi mnzake Gilbert, pamene mu filimu yamangiriridwa pa chibwenzi cha mchemwali wake wa William ndi mphunzitsi. Mkangano wa bambo ndi mwana pa za njinga ya bamboyo, imene William ankaifuna pomanga makinawo, filimu inaukuza kwambiri, chifukwa sikirini imafuna anthu awiri oyang'anizana. Ndipo za galu wake Khamba, amene William anakamumangirira pa mtengo kuthengo chifukwa kunalibe chomudyetsa, ambiri a ife tinavomereza kuti masamba aja amapweteka kuposa chithunzi chilichonse. M'buku mumakhala m'mutu mwa mwanayo pamene akutembenuka kuti azipita.

9. Nanga Chichewa cha mu filimu imeneyi, bwanji chimamveka chachilendo?

Funso ili silisowa. Ambiri mwa osewera akuluakulu si Amalawi, anachita kuphunzira mawuwo, ndiye kamvekedwe kamapita kwina. Mawu ndi athu koma nyimbo ya chilankhulo si yathu. Alipo Amalawi mu filimuyi, monga Lily Banda amene anasewera ngati mchemwali wake wa William, ndipo akalankhula iye khutu limapuma.

Ena m'gulu mwathu zinawanyansa mpaka analeka kutsatira nkhani. Ena anati ndi ulemu kuti anayesa, pamene akanatha kupanga yonse m'Chingerezi. Poyerekeza buku ndi filimu, mfundo yofunika ndi iyi: powerenga, mawu a anthu a ku Wimbe mumawamva m'mutu mwanu ndi kalankhulidwe kamene mumakadziwa, ngakhale bukulo lili m'Chingerezi. Filimu imakusankhirani liwu. Munthu wa ku London sangaone vuto limeneli, ndi lathu lokha.

10. Ndili Fomu 4. Kodi ndingangoonera filimu m'malo mowerenga buku la pa silabasi?

Mwanawe, usayese. Mayeso a MANEB, amene likulu lake lili konkuno ku Zomba, amafunsa za m'buku, ndipo wochonga ali ndi buku, osati filimu. Werenganso yankho 7 ndi 8 uone mmene zochitika zimasinthira. Ukalemba chochitika chimene chili mu filimu mokha, wadziulula wekha kuti sunawerenge, ndipo malikisi apita.

Filimu igwiritse ntchito ngati chobwerezera. Maliza buku, onera, kenako tenga pepala ulembe zonse zimene zasiyana. Ukatha kutchula zosiyana 10 osatsegula buku, ndiye kuti bukulo ukulidziwa. Njira imeneyi imaposa kuloweza manotsi a munthu wina amene akuzungulira pa WhatsApp.

11. Nanga mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene timakaikitsa mu memori khadi?

Amenewa ndi nkhani ina yokoma. Womasulira uja sangomasulira, amawonjezera nthabwala, amapatsa anthu mayina a kwathu, pena amafotokoza zimene iye akuganiza kuti zikuchitika. Ndi luso, ndipo anthu amene amadzaza m'mavidiyo sho a ku Mpondabwino kapena ku Songani sapita kukagona tulo. Koma zindikirani kuti pamenepo nkhani yadutsa m'manja atatu: wolemba buku, wopanga filimu, ndi womasulira. Ngati cholinga ndi kuseka, palibe cholakwa. Ngati cholinga ndi kuyerekeza ndi buku, pezani filimu yosamasulira, yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi.

12. Poyerekeza buku ndi filimu, ndiyang'ane chiyani kwenikweni?

Ambiri amathera pa "buku ndi labwino kuposa filimu", basi. Chiganizo chimenecho sichiphunzitsa kanthu. Ife timayamba ndi poyambira ndi pothera: buku layamba ndi chiyani, filimu yayamba ndi chiyani, ndipo aliyense waimira pati. Pamenepo pokha mumadziwa chimene wopanga filimu anaona kuti ndiye mtima wa nkhani.

Kenako funsani kuti akufotokoza ndani. Buku likakhala la "ine", zonse mumaziona ndi maso a munthu mmodzi, ndipo mwina munthuyo akulakwitsa kapena akubisa zina. Kamera imaima panja, imaonetsa ngakhale zimene mpangankhani wamkulu sanaone. Ndiye onani amene achotsedwa ndi amene akuzidwa. Munthu akachotsedwa, ntchito yake m'nkhani wapatsidwa ndani?

Pomaliza, sankhani chochitika chimodzi chokha, muchiwerenge mokweza, kenako muchionere kawiri. Ulendo wachiwiri tsitsani voliyumu mpaka zii. Mudzadabwa kuona kuchuluka kwa chisoni kapena mantha amene amabwera ndi nyimbo za pansipansi osati ndi nkhope za anthu. Wolemba buku alibe ng'oma kapena gitala, ali ndi kutalika ndi kufupika kwa ziganizo basi. Pa kusintha kulikonse funso likhale "apindula chiyani, ataya chiyani", osati "alakwitsa pati".

13. Buku langa ndi PDF ya mu foni momwemo. Nditani?

Ili ndi vuto la ophunzira ambiri, chifukwa mabuku a pepala ndi odula ndipo a ku laibulale sakwanira. Dawunilodani bukulo, kenako zimitsani data kapena ikani foni pa Flight mode musanayambe. Bandulo imapulumuka, batire imakhalitsa, ndipo palibe chokuitanani. Ngati mukudikira foni yofunika, gwiritsani ntchito Do Not Disturb, imene imaletsa foni kulira, n'kulola nambala imodzi kapena ziwiri zokha.

Khalani ndi kope ndi cholembera pambali. Mawu ovuta alembeni kuti muwafufuze mukamaliza mutu, chifukwa "ndingoona tanthauzo pa Google" ndi khomo limene ambiri amatulukira osabwereranso. Za maso, madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chakutali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Kuno n'kosavuta, ingotulukani pakhonde muyang'ane phiri.

14. Kodi n'zoona kuti foni imaononga tulo?

Kuwala kolowa m'maso usiku kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi timene timathandiza munthu kuyamba kusinza. Koma kuwala si kokha. Mkangano wa mpira wa Bullets ndi Wanderers pa gulu la WhatsApp nthawi ya 11 koloko usiku umadzutsa mutu kuposa nyali iliyonse. Ngati foni ndiyo wotchi yokudzutsani, itchereni alamu n'kuiika patali ndi bedi, pamene muyenera kudzuka kuti muizimitse. Mafilimu a zigawozigawo ndiwo oopsa kwambiri usiku, chifukwa gawo lililonse analipanga dala kuti lithere pamene mtima uli m'mwamba.

15. Ndayesa zonsezi koma ndatha chaka osamaliza buku ngakhale limodzi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi buku lalifupi, ndipo ngati Chingerezi chimakutopetsani yambani ndi la Chichewa. Masamba 10 pa tsiku ndi okwanira: buku la masamba 200 limatha m'masiku 20. Sankhani nthawi imene ilipo kale m'tsiku lanu, monga podikira minibasi ya ku Limbe kuti idzaze, kapena madzulo magetsi akathima kukadali kowala.

Chinanso, pezani munthu mmodzi woti muwerenge naye buku lomwelo, mugwirizane tsiku loonera filimu yake, ndipo amene sanamalize asaonere. Mayi wina wogulitsa nsomba za ku Chilwa mumsika waukulu anachita zimenezi ndi mwana wake wa Fomu 2. Iye ankawerenga makasitomala akachepa masana, buku atalikutira m'pulasitiki kuopa fungo la matemba, mwanayo ankawerenga usiku. Anatiuza kuti mwanayo anamaliza masiku anayi iye asanamalize, ndipo masiku anayi onsewo ankamuopseza kuti amuuza mathero ngati samuonjezera ya mandasi.